Pansi pa Zenera Panali Pouma

Mvula inayamba Lachisanu madzulo, cha m'ma sikisitini awazi, ndipo kunacha Loweruka isanapume n'komwe. Akanakhala munthu wina, Sajeni Kettie Njobvu akanakoka bulangeti n'kutembenukira kukhoma, pakuti linali tsiku lake lopuma. Koma mwana wake wamkazi, Chiyembekezo, anali atamuuza pafoni mosapita m'mbali: "Amayi, ngakhale kugwe matalala ife tisewera. Mukalephera ulendo uno, sindidzakuitananinso."

Mawuwo anamulowa. Masewera atatu anali atadutsa iye ali kuntchito, kwina akulondola akuba ng'ombe, kwina akudikira mlandu pakhoti. Choncho anavala majombo, kutenga ambulera yothyoka kawaya kamodzi, n'kukwera minibasi pa Sinda. Denga la minibasiyo linkadontha, ndipo mayi amene anakhala naye anamusenzetsa nkhuku pamiyendo ulendo wonse. Anatsika asanafike pa Katete, pa kanjira kolowera kusukulu ya Mbiyazatha. Apanjinga onse anali atabisala m'makhonde a magolosale. Palibe anafuna kupalasa m'thope lotero. Anayenda wapansi.

Masewera ake anali achilendo, besibolo. Anabwera nawo mphunzitsi wina wa ku Japani amene anakhala pasukulupo zaka ziwiri. Pochoka anasiya chikwama chachitali ngati munthu wogona: zibonga zinayi zomenyera mpira, magulovu achikopa owakhira, zisoti, ndi mipira yoyera yolimba ngati mwala. Poyamba anthu a m'midzi ya ku Mkaika ankaseka, amati atsikanawo akuphunzira kupha mbewa. Koma chaka chino kuseka kunatha. Tsiku limeneli ankakumana ndi atsikana a ku Vubwi, ndipo opambana anali oti apita ku Lusaka. Woponya mpira wa Mbiyazatha anali Chiyembekezo.

Kettie atalowa pageti anaona bwalo lili mbee, lopanda munthu. Khamu lonse linaunjikana kuseri kwa makalasi. Anadzipanikiza pakati pa maambulera mpaka kutsogolo.

Bambo wachikulire anakhala pansi m'thope, penipeni pamene madzi a padenga ankagwera. Manja anawamanga kumbuyo ndi malegeni, mlomo unali utang'ambika. Amuna awiri a gulu lolondera m'mudzi anaima pambali ndi ndodo. Pakhonde pouma panaima mwamuna wonenepa wa suti yabuluu, ambulera yaikulu ili pamutu ngakhale mvula siinkamufika.

"Wawamanga ndani bambo awa?" anafunsa Kettie.

"Madamu, apa palibe vovuta," anayankha wasutiyo. "Kawalala tamugwira kudala. Ndine Godfrey Miti, depute wa sukulu ino. Ahedi kulibe, manje zonse zili m'manja mwanga. Inu ndimwe ndani?"

Kettie anatulutsa chiphaso chake. A Miti anachiwerenga milomo ili pamwamba.

"Koma ndimwe a ku Sinda. Ndipo simuli mu yunifomu."

"Lamulo silivula zovala Loweruka," anatero Kettie. Anatembenukira kwa olondera aja. "Amasuleni."

Anazengereza, maso ali kwa a Miti. Kettie anagwada m'thope momwemo n'kuyamba kumasula yekha. Malegeniwo anali atalowa m'khungu, zala zitatupa ngati nthochi. Mtima wake unawira. Bamboyo anali a Mateyo Daka, mlonda wa sukulu, munthu woti ali ndi zidzukulu.

"Evidensi ilipo," anatero a Miti mokweza, kuti khamu limve. "Chola chonse cha besibolo chasowa. Windo yaphwanyiwa. Tamuseca, onani tapeza chani m'thumba mwake."

Anakweza m'mwamba mpira woyera. Anthu anang'ung'udza. A Mateyo anangoweramitsa mutu.

* * *

Kachipinda kosungiramo katundu kanali kumapeto kwa makalasi. Mphunzitsi wa timuyo, Pamela Sakala, mayi wochepa thupi wa wezulo pakhosi, anamutsegulira Kettie chitseko.

"Musalowe," anatero Kettie. Anaima pakhomo n'kuyang'ana kaye.

Loko inali bwinobwino. Simenti yapansi inali yoyera. Thope linali pakhomo pokha, mapazi a nsapato zosongoka ndi ena aang'ono a Pamela. Pakona panaoneka malo aatali opanda fumbi pamene pankagona chikwama. Zenera linali limodzi, loyang'ana kum'mawa, kumene mphepo inkakankhira mvula chiyambire dzulo. Galasi limodzi linali litaswedwa, zitsulo zotchinga zili chilili.

Pansi pa zeneralo panasanjidwa makatoni a choko. Kettie anavula majombo, kulowa ndi masokosi, n'kugwira katoni yapamwamba. Inali ndi timadontho tochepa chabe. Anatsegula, kutenga choko chimodzi n'kuchithyola. Chinathyoka kuti thwa, chouma.

"Munachiona liti chikwamachi komaliza?"

"Lachinayi, titatha kukonzekera. Ndinachiika ndekha, ndinakhoma ndekha. Lachisanu ndinawapumitsa atsikana."

"Makiyi ali ndi yani?"

"Imodzi ndi iyi. Ina imakhala kuofesi."

"A Mateyo alibe?"

"Sanakhalepo nayo."

"Nanga lero m'mawa simunatsegule bwanji?"

Pamela anayang'ana kunja kaye, kenako anatsitsa mawu. "Ndinafika seveni awazi. Ndili pafupi kutsegula, a depute anandiitana. Amati ndisavutike, a ku Vubwi sabwera, msewu wafa. Amati ndiwabweze atsikana ku hositelo. Ine ndinati tidikire pang'ono m'kalasi. Itakwana eyiti, mphunzitsi wa ku Vubwi anandiimbira kuti ali m'njira, adutsa kale pa Chadiza. Ndinathamanga kukawauza a depute, ndimati asangalala."

"Anasangalala?"

"Anangondiyang'ana. Kenako anandituma kukitchini kuti ndikauze ophika awonjezere ndiwo. Pobwerako ndinapeza akukuwa kuti kwabedwa." Misozi inalengeza m'maso mwake. "Sajeni, atsikana awa akhala akusoka magulovu amenewo ndi ulusi wa matumba a fetereza. Gulovu iliyonse ili ndi dzina. Munthu angawachite zotere ana?"

Kettie anabwerera kuzenera. Anatambasula dzanja pakati pa zitsulo ziwiri za pazenera. Mpata wake sunkafika n'chikhatho chotambasula.

* * *

A Mateyo anawakhazika m'kalasi, Kettie atawafunditsa chitenje chake. Ankayankhula pang'onopang'ono, chiChewa cha kumudzi, maso ali pansi.

"Mpirawo ndinali nawo, amayi, sindikana. Ndinautola."

"Kuti?"

"Kuthengo, kuseri kwa bwalo. Mwana wanu yemweyu ndiye anautaya Lachinayi, wina ataumenya mwamphamvu. Anaufuna mpaka kutopa. Lero kutangoyera ndinati ana angaterereke, ndiye ndinatenga khasu kukatsegula ngalande kuti madzi achoke pabwalo, ndi kuthira mchenga pamene amaima. Ndili mkati mosenga udzu, ndinangoona kanthu koyera. Ndinati ndikawapatsa aphunzitsi akamayamba."

"Anakutumani ndani kukonza bwalo?"

"Palibe. Ndimakonda kuonerera basi. Mdzukulu wanga akadzakula ndikufuna adzasewere."

Kettie anautenga mpirawo kwa mmodzi wa olondera aja. Unali wolemera ndi madzi, mbali imodzi yobiriwira ndi udzu, ulusi wofiira utatupa. Mpira wochokera m'chikwama cha m'nyumba sukanaoneka choncho.

"Dzulo munamvako galasi likusweka?"

"Kanyumba kanga kolondera kamadontha, ndiye ndinakhala pakhonde pompa. Zenera limenelo ndinalidutsa ndi khasu m'mamawa, linali lamoyo. Ndinawauza a depute zimenezi. Ndiye m'pamene anandiomba khofi." Anagwira mlomo. "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, amayi. Mkazi wanga wabwera kudzaonerera masewera. Wandiona ndili m'thope ngati nkhumba yopita kumsika."

Kunja kunamveka phokoso. Chiyembekezo analowa wothamanga, yunifomu itanyowa, osapereka n'komwe moni.

"Amayi, bwerani. A depute akufuna kusecha galimoto ya a ku Vubwi. Akuti ndi iwo anatuma a Mateyo."

* * *

Kanta ya a ku Vubwi inaima pafupi ndi geti, thope lofiira mpaka pamagalasi. Atsikana khumi ndi anayi anaunjikana pansi pa tenti kumbuyo, akunjenjemera ndi chisanu. Mphunzitsi wawo, Fanwell Zgambo, mwamuna wamtali woonda, anaima kutsogolo kwa chitseko, manja atapinda pachifuwa, buluku lake lili thope lokhalokha.

"Anthu a kumalire timawadziwa," a Miti ankauza khamu. "Katundu akalowa m'galimoto iyi, mailo mudzaupeza ku Mozambiki."

"Bambo, tachenjerani ndi pakamwa panupo," anatero Fanwell, mawu ake odekha. "Ife tanyamuka kusanache. Galimoto yatitimira kawiri. Ana awa atsika kukankha, wina wataya nsapato mumtsinje. Tafika pano mphindi makumi awiri zapitazo, takupezani mwamanga kale munthu. Ndiye tinaba nthawi yanji, kodi tinauluka? Madzi akumwa simunatipatse, mwatipatsa dzina la umbava."

Kettie anamutengera pambali. "Chifukwa chiyani munawaimbira a Sakala muli m'njira?"

"Chifukwa cha uthenga. Kwathu kusukulu netiweki kulibe, mpaka ukwere chulu. Titadutsa Chadiza foni inalira, uthenga wa pa Watsapu. Taonani."

Kettie anawerenga. Unkati masewera alephereka, bwalo la Mbiyazatha ladzaza madzi mpaka m'maondo, musavutike kubwera. Pansi panalembedwa kuti oyang'anira sukulu. Nambala inali yosadziwika.

"Ndinati tibwerere titafika kale pakati? Ndiye ndinawaimbira a Sakala. Iwo anati nkhaniyo sakuidziwa."

Kettie anayang'ana pakona pa uthengawo, pamene pamalembedwa nthawi yotumizira. Lachisanu, 13:12.

"Dzulo masana kwanu kunali bwanji?"

"Dzuwa lowotcha. Mvula inayamba madzulo."

"Kunonso," anatero Kettie. Anakopera nambalayo kuseri kwa tikiti ya minibasi. "Mundibwereke chisoti chimodzi. Ndipo musalole munthu akhudze galimoto yanu."

* * *

Kunja kwa geti, pansi pa pepala lapulasitiki lomangidwa pamitengo inayi, mayi wa mpango kumutu ankatembenuza vitumbuwa m'mafuta. Anali a Zuhura, amene ankagulitsa pamenepo tsiku lililonse la sukulu. Kettie anali asanadye kanthu chidzukire. Anagula viwiri.

"Inu ndinu apolisi aja mwamasula a Mateyo? Mulungu akudalitseni. Ine ndakazinga ndowa yathunthu, ndimati lero kuli anthu, ndiye taonani, anthu akuonerera munthu akumenyedwa m'malo moonerera mpira. A Mateyo angabe? Munthu woti ndikaiwala mbale pano amandisungira mpaka Lolemba? Walahi, dziko lapita."

"Dzulo munali pano?"

"Ndipita kuti? Kuyambira m'mawa mpaka mitambo itada."

"Ndi galimoto ziti zinatuluka?"

"Pano galimoto n'zingati, mayi? Ya ahedi ili ku Lusaka ndi eni ake. Yatsala ya a depute. Inatuluka masana, amuna anga a Ramadhani atangotenga njinga kupita kumzikiti. Buti yake osatseka, anaimanga ndi chingwe, chinthu chachitali chitatulukira atachikutira ndi katani. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, a depute, mwapha ng'ona? Iwo amvekere ni mapaipi. Mapaipi okhala ndi zipi, ndinawaonera pomwepo."

"Bwanji simunanene anthu akumanga a Mateyo?"

A Zuhura anasiya kutembenuza. "Malo ano ndi a sukulu. Wondilola kugulitsa pano ndi iwowo. Ndili ndi ana asanu." Anayambanso kutembenuza vitumbuwa. "Koma ndaona khofi lija. Mukandifuna kukhoti ndidzabwera."

Kettie analuma chitumbuwa. Pepala limene anamukulungira linali losalala, la mitundu, mafuta atalilowa pakati. Analitambasula kuti apukute zala, maso ake n'kugwera pa zilembo. Linali lolengeza sukulu yatsopano yolipira ku Chipata. Makolo onse ankaitanidwa kudzaona sukuluyo Loweruka lomwelo. Kompyuta, basi yotenga ana, ndi masewera a kunja, besibolo, zipangizo zonse zilipo. Mwini sukulu, Mayi Maureen Miti.

"Mapepala awa munawatenga kuti?"

"Anandipatsa iwowo, ati ndizigawira makolo. Makolo a kuno angakwanitse sukulu yotero? Ndinaona kuti ndi abwino kukulungira."

Kettie anatulutsa tikiti ya minibasi n'kuiika pambali pa nambala ya foni imene inali pansi pa pepalalo. Anawerenga kawiri, chala chikuyenda pa nambala iliyonse.

* * *

Anawapeza a Miti pakhonde pomwe paja, akuuza makolo kuti abwerere kwawo, masewera kulibe. Kettie anaima pakati pa anthu, chisoti cha a ku Vubwi chija chili m'manja.

"A depute, munditsogolere kuzenera. Ndikufuna mundiphunzitse."

Khamu linawatsatira. Kettie anawapatsa chisoticho.

"Loko siinathyoledwe. Mukuti a Mateyo anatulutsa katundu pazenera. Talowetsani ichi pakati pa zitsulozo."

A Miti anaseka mokakamiza. "Madamu, ine sindine kawalala kuti nizibe mwamene amacitira."

"Yesani chabe."

Anayesa. Chisoti chinagunda zitsulo kuti gwa. Anachitembenuza cham'mbali, chinakananso. Mayi wina kumbuyo anatsonya.

"M'chikwamamo munali zisoti zisanu," anatero Kettie. "Tsono mvula yakhala ikumenya khoma ili chiyambire dzulo madzulo. Taonani mmene lanyowera. Galasi likanasweka dzulo, choko chili pansipo chikanakhala phala. Ndachithyola, n'chouma. Zenera ili lasweka lero, a Sakala atapita kukitchini."

"Izo ni nkhani zanu. Mpira tinaupeza m'thumba mwake."

"Mpira umene wagona muudzu masiku awiri. Tisiye zimenezo. Dzulo nthawi ya setini awazi munthu wina analembera a ku Vubwi kuti bwalo ladzaza madzi mpaka m'maondo. Nthawi imeneyo kuno anthu anali akuanika chimanga cha kuchigayo. Munthu ameneyo kapena ndi mneneri, kapena ankafuna chikwama chisafunidwe lero."

"Ine sindinatume meseji iliyonse. Foni yanga iyi, onani." Anaitulutsa m'thumba la buluku mothamanga kwambiri.

"Khalani nayo." Kettie anatenga foni yake, kuyang'ana pa tikiti, n'kudina manambala mmodzimmodzi. Kunkangomveka madzi akugwa padenga.

M'thumba la m'kati mwa jekete ya a Miti munayamba kulira nyimbo ya kwaya.

Inalira, n'kulira. A Miti sanaigwire. Kettie anakweza pepala lamafuta lija kuti aliyense alione, n'kuliwerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pa dzina la mwini sukulu.

"Sikuba," anatero a Miti, mawu atauma. "Nabwereka chabe. Mande nikanabweza. Ni vinthu va sukulu, ine ndine mukulu pano."

"Mwabwereka," anatero Kettie. Ankayesetsa kuti mawu ake asakwere. "Mwatenga magulovu a ana osoka ndi ulusi wa matumba kuti mukakopere ana a anthu olemera. Mwalola atsikana anzawo akankhe galimoto m'mitsinje, pofika n'kuwatcha mbava. Zonsezo zikanatha ndi kupepesa. Koma inu mwaswa zenera ndi dzanja lanu, n'kutenga munthu wamkulu amene wadzuka mbandakucha kukonza bwalo popanda womutuma, kumumanga, kumumenya, mkazi wake akuona. Mukanamusiya apite kundende kuti suti yanu isade."

Khamu linayamba kusendera. Olondera aja, amene m'mawa anamanga a Mateyo, tsopano ndiwo anali patsogolo ndi ndodo, mmodzi atanyamula malegeni omwe aja.

"Bwererani," anatero Kettie, ataima pakati. "Lero pano samangidwanso munthu ndi malegeni. Inunso awiri mayina anu ndiwalemba."

* * *

Kettie anaimbira apolisi a deralo. Anamuuza kuti galimoto ibwera mtsinje wa panjira ukaphwa, ndi kuti atumiza uthenga ku Chipata chikwama chikagwidwe chisanasunthidwe. Koma chikwama cha ku Chipata sichikanawakha mpira ku Mbiyazatha tsiku limenelo. Pamela anayamba kuuza atsikana ake kuti avule.

Fanwell anayenda kupita kukanta, n'kubwerako atasenza thumba la ufa lakale. Analikhuthula pakhonde. Munali magulovu asanu ndi anayi okha, ena ong'ambika, zibonga ziwiri ndi mipira yowerengeka.

"Masewera awa, timu ikamamenya siivala magulovu," anatero. "Tizisinthana. Sitinakankhe galimoto kuti tikapambane popanda kusewera. Koma mawu aja a Mozambiki, amenewo sindinawakhululuke."

Mvula inali itasanduka mawawa. Ngalande za a Mateyo zinagwira ntchito; madzi anali atatsika, mchenga uli poyera. Anthu anazungulira bwalo ndi maambulera, ena atafunda matumba. Kettie anakhala pabenchi, a Miti ali kumanja kwake, mafoni awo onse awiri ali m'chikwama chake. Ambulera yaikulu ija anaipatsa a Mateyo ndi akazi awo.

Chiyembekezo anaima pakati pa bwalo, gulovu ya mtsikana wa ku Vubwi ili kudzanja, yomukulira. Anapukuta mpira pamalaya, kukweza bondo, n'kuponya. Womenyayo anaphonya, mpira n'kulira m'gulovu ya wowakha kuti phaa. Kettie anadzipeza ataimirira, akuomba m'manja ngati mwana. Sankadziwa kuti mwana wake ali ndi mkono wotere.

Foni ya Pamela inalira. Anabwera nayo kwa Kettie akuthamanga. Anali ahedi, kuchokera ku Lusaka. Anayankhula nthawi yaitali, mawu okoma ngati uchi. Amati za m'nyumba zimathera m'nyumba, dzina la sukulu lingaipe, katundu abwera, a Mateyo awaganizira bwino.

"Wodandaula si ine," anatero Kettie. "Ndiwafunse eni ake."

Anapita kwa a Mateyo n'kuwafotokozera zonse, osabisa kanthu. Anawauzanso kuti akasumira, ntchito yawo ikhoza kuvuta. Bamboyo anayang'ana bwalo, mtsikana wa ku Vubwi akuthamanga thope likuwaza.

"Lembani, amayi," anatero. "Ndikanakhala ndekha ndikanati zithe. Koma si ine woyamba."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndisanayambe ine, mlonda pano anali Ayub Saidi, wa m'mudzi mwathu. Kunasowa mabatire a sola. Zenera linaswekanso chonchi, ndipo anamupeza ndi kachingwe ka magetsi m'thumba. Amene anakapeza ndi a depute omwewa. Ali kundende, chaka chachiwiri tsopano. Mkazi wake anabwerera kwawo, ana anamwazikana."

Phokoso la pabwalo linamuthawa Kettie m'makutu. Dzinalo ankalidziwa. Asanasamukire ku Sinda, akugwira ntchito papolisi ya dera lino, apolisi anzake anabwera ndi mwamuna woonda wa kapu yoyera, mlomo wotupa, n'kumusiya m'manja mwake kuti amulembe m'buku. Mwamunayo anabwereza katatu kuti, mayi, ine sindinabe, tapitani mukaone nokha. Iye anali ndi ntchito zambiri tsiku limenelo. Anamuvula lamba ndi nsapato, n'kutseka chitseko. Sanapite kukaona.

Khamu linakuwa, Chiyembekezo anali atatulutsa womenya wachitatu, ndipo atsikana ankavula magulovu kupatsa anzawo. Kettie sanaone. Anatulutsa kabuku kake, kukatchinga ndi ambulera yake yothyoka ija kuti kasanyowe, n'kukhala pansi paudzu pamapazi a bamboyo.

"A Daka," anatero, "yambirani pa Ayub. Musasiye kanthu, ngakhale pamene pakukhudza ine."